Kuphunzira Kuyang'anira Makina a Linux Mwakuya: Onongani Mwadala, Kenako Konzani

Munthu amene wagwiritsa ntchito Linux kwa chaka chimodzi kapena ziwiri amafika pamlingo woti amatha kuika mapulogalamu ndi apt kapena dnf, amatha kusintha fayilo ndi nano kapena vim, ndipo akakumana ndi vuto amafufuza pa intaneti, n'kukopera lamulo limene wina analemba, n'kuliyendetsa, zinthu n'kuyambanso kuyenda. Luso limeneli si lachabe ayi, koma lili ndi malire, ndipo malirewo amaonekera tsiku limene seva yakana kuyaka, anthu akudikira, uthenga umene uli pa sikirini sunalembedwepo ndi aliyense, iye n'kungoti kakasi kusowa pogwira. Chimene chimasiyanitsa munthu ameneyu ndi katswiri woyang'anira makina si kuchuluka kwa malamulo oloweza pamtima, koma kudziwa mmene zigawo za makinawo zimadalirana, kotero kuti china chikafa amadziwa koyambira kufunsa. Nzeru yotere siibwera ndi kuwerenga kokha. Imabwera munthu akaona ndi maso ake makina akufa m'njira zosiyanasiyana, ndipo njira yachangu yoonera zimenezi ndiyo kuwapha yekha mwadala pamalo pamene palibe amene angavulale.

Choyamba: konzani malo ophunzirira amene simukuopa kuwawononga

Musaphunzirire pa kompyuta imene mumasungapo ntchito zanu, chifukwa mantha otaya mafayilo adzakuletsani kuyesa zinthu zenizeni zimene mukuyenera kuyesa. Pangani ma virtual machine, amene ndi makompyuta ongoyerekezera oyenda mkati mwa kompyuta yanu yeniyeni. Ngati kompyutayo ili kale ndi Linux, gwiritsani ntchito KVM, imene yakhala mbali ya kernel, mtima wa Linux wolamulira zida za kompyuta, kuchokera mu 2007, pamodzi ndi QEMU ndi virt-manager. Ngati ili ndi dongosolo lina, VirtualBox ikwanira. Seva yopanda zithunzi ndi mawindo imayenda bwino ndi RAM ya 1 GB kapena 2 GB, choncho kompyuta ya 8 GB ingathe kunyamula makina atatu nthawi imodzi, ndipo atatuwo ndi okwanira pa zonse zimene zafotokozedwa pano. Mukangomaliza kuika dongosolo pa makina aliwonse, tengani snapshot, kope la mmene makinawo alili nthawi imeneyo, kuti mukawononga mopitirira muyeso mubwerere pamene munayambira m'masekondi ochepa.

Ikani mabanja awiri a Linux. Makina ena akhale a Debian, imene inayamba mu 1993 ndipo ndi kholo la Ubuntu. Ena akhale a banja la Red Hat, monga AlmaLinux kapena Rocky Linux, zimene zinatuluka mu 2021 anthu atasowa cholowa m'malo mwa CentOS Linux. Kusiyana kwa mabanja awiriwa kumaphunzitsa kwambiri. Seva ya webusaiti ya Apache imatchedwa apache2 ku Debian koma httpd ku Red Hat, mafayilo ake amakhala m'mafoda osiyana, ndipo banja lina limateteza mapulogalamu ndi AppArmor pamene lina limadalira SELinux. Munthu akamaona chinthu chimodzi chikuchitika m'njira ziwiri, amayamba kusiyanitsa chimene ndi Linux yeniyeni ndi chimene ndi chizolowezi chabe cha amene anaikonza. Koma awiriwo akukwanireni. Chizolowezi chosinthasintha mitundu ya Linux sabata iliyonse chimadya nthawi yambiri ndipo chimene munthu amatolapo ndi luso loika dongosolo basi.

Chachiwiri: phunzirani kufunsa makinawo musanafunse munthu

Malangizo ambiri amene mukufuna ali kale m'makinamo. Masamba a man anagawidwa m'zigawo za manambala, ndipo zitatu ndizo zofunika kwambiri pa ntchito imeneyi: gawo 1 limafotokoza malamulo a aliyense, gawo 5 limafotokoza kalembedwe ka mafayilo osinthira zinthu, ndipo gawo 8 ndi la malamulo a woyang'anira. Mukalemba man passwd mupeza za lamulo losinthira pasiwedi, koma mukalemba man 5 passwd mupeza tanthauzo la chigawo chilichonse cha fayilo ya /etc/passwd. Ngati dzina la lamulo simukulidziwa, man -k ndi mawu amene mukufuna idzakusakirani.

Dziikireni lamulo limodzi kuyambira lero, loti simuyendetsa lamulo lililonse ngati root, akaunti ya mphamvu zonse pa makinawo, musanathe kufotokoza ndi pakamwa panu chimene chilembo chilichonse chikuchita. Poyamba zimenezi zimachedwetsa mpaka kukwiyitsa, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Komanso sungani kabuku ka zimene mwachita, cholembedwa m'mafayilo wamba ndi kusungidwa mu Git. Muzilembamo chizindikiro chimene munaona, zimene munaganiza poyamba, zimene munayesa n'kulephera, ndi chimene chinali gwero lenileni la vuto. Mbali ya zolephera ndiyo anthu ambiri amaisiya, chonsecho ndi imene idzakupulumutseni chaka chamawa mukadzayamba kuyenda njira yolakwika yomweyo.

Chachitatu: dziwani zonse zimene zimachitika makina akamayaka

Apa m'pofunika kukhalitsa, chifukwa seva imene yakana kuyaka ndiyo imaopsa anthu kuposa vuto lina lililonse, popeza zida zonse zimene anazolowera sizipezeka. Ndondomeko yake ndi iyi. Pulogalamu ya m'kati mwa kompyuta, BIOS kapena UEFI, imapeza GRUB, pulogalamu yoyambitsa Linux. GRUB imakweza kernel ndi initramfs mu RAM. Initramfs, imene ndi kadongosolo kakang'ono kongoyembekezera, imakhala ndi zofunika kuti disiki yaikulu ipezeke ndi kulumikizidwa. Kenako ulamuliro umaperekedwa kwa process yoyamba (process ndi pulogalamu imene ili kuyenda), ya nambala 1, imene pa mitundu yambiri ya Linux masiku ano ndi systemd, yomwe inatuluka mu 2010. Pamenepo systemd imalumikiza madisiki otsala, imadzutsa netiweki, n'kuyambitsa mapulogalamu onse motsatira mmene amadalirana. Malo alionse pa mndandanda umenewu angathe kuduka, ndipo kuduka kulikonse kuli ndi nkhope yakeyake.

Yambani ndi fayilo ya /etc/fstab, mmene mumalembedwa madisiki oti alumikizidwe makina akamayaka. Onjezani disiki yachiwiri ku makina anu, ilembeni mu fayiloyo ndi UUID yake, nambala yoizindikiritsa imene blkid ikuonetseni, ndipo mutsimikize kuti zonse zikuyenda. Kenako sinthani chilembo chimodzi chokha mu UUID imeneyo n'kuyambitsanso makinawo. Mudzaona systemd ikudikira disikiyo kwa masekondi 90, manambala akuwerengeka pa sikirini, kenako n'kukuponyani mu emergency mode, mmene mulibe netiweki ndipo SSH, njira yolowera m'makina kuchokera kutali, siikugwira. Ngati akaunti ya root ndi yokhoma, monga zimakhalira pa Ubuntu mukangoiika, mungapeze kuti ngakhale pamenepo pali zina zoti muganize musanalowe. Konzani fayiloyo, ndipo ngati ikukana kusungidwa chifukwa disiki yalumikizidwa mongowerenga, gwiritsani ntchito mount -o remount,rw /. Mukatuluka m'menemo, werengani za mawu akuti nofail mu man 5 fstab, ndipo muzolowere kuyendetsa findmnt --verify nthawi iliyonse mukakhudza fayilo imeneyi. Chilembo chimodzi chimenecho chagonetsa anthu ambiri panja.

Kenako onongani mozama. Fufutani fayilo ya initramfs mu /boot, kapena wonongani grub.cfg, muone mmene uthenga wa sikirini ukusiyanirana ndi woyamba uja. Kuti mukonze, yatsani makinawo kuchokera pa ISO yoikira dongosolo, lumikizani disiki yanu pa /mnt, mangirirani /dev, /proc ndi /sys mkati mwake ndi mount --bind, lowani ndi chroot, ndipo ngati munafufuta initramfs muipangenso ndi update-initramfs pa Debian kapena dracut pa banja la Red Hat. Chitani zimenezi kangapo mpaka manja azolowere, chifukwa tsiku limene mudzazifune zenizeni mtima udzakhala uli m'mwamba ndipo simudzakhala ndi mpata wowerenga modekha.

Mukatha apo, lembani nokha fayilo ya unit ya systemd ya kapulogalamu kanu kakang'ono, muiike mu /etc/systemd/system, muikemo Restart=on-failure, kenako muphe process yakeyo ndi kill -9 muone ikudzukanso. Zolowerani journalctl -u poona za pulogalamu imodzi, ndi journalctl -b -1 poona zimene zinachitika makina asanazime ulendo watha, pokumbukira kuti lamulo lachiwirili limagwira ntchito pokhapokha ngati ma log akusungidwa pa disiki mu /var/log/journal osati mu RAM mokha.

Chachinayi: madisiki, ndi chinsinsi cha malo osowa

Phunzirani ndi manja LVM, njira yogawira madisiki m'magawo otha kusintha kukula, kuyambira pvcreate, vgcreate mpaka lvcreate, kenako mukulitse gawo ndi lvextend -r makina ali chiyendere. Yesaninso kuchepetsa, kuti mudzionere nokha kuti pa njira ziwiri zosanjira mafayilo pa disiki, ext4 imalola kuchepetsedwa ikakhala yosalumikizidwa, pamene XFS, imene banja la Red Hat limaika mukapanda kusankha, imakula mosavuta koma kuichepetsa si chinthu choyembekezera. Mfundo imeneyi ndi imene imachititsa odziwa ntchito kuyamba ndi magawo aang'ono n'kusiya malo ena osagawa. Pangani RAID 1, imene imalemba zinthu zofanana pa madisiki awiri, ndi mdadm, uzani makinawo kuti imodzi yafa, yang'anani /proc/mdstat, ikani ina muone ikudzaza. Kenako fufutani fayilo pa RAID yomweyo, muone kuti yachoka pa madisiki onse awiri nthawi imodzi. RAID imateteza ku kufa kwa disiki, siiteteza ku dzanja lanu.

Pali vuto lina limene ndinakumana nalo ndili woyamba kumene, ndipo ndikufuna kuti inu mukumane nalo m'makina anu ophunzirira osati pa ntchito. Seva inasiya kulandira mafayilo, df, lamulo loonetsa malo otsala, ikunena kuti disiki yadzaza. Ndinapeza fayilo ya log yaikulu kwambiri, ndinaifufuta ndi rm, n'kudzimva kuti ndagwira ntchito. Nditayendetsanso df, disiki inali chidzazire. Ndinayendetsa du, yowerengera kukula kwa mafayilo, ndipo inandiuza kuti mafayilo onse pamodzi sakufika ngakhale theka. Ndinataya nthawi yambiri ndikufufuta zinthu zina zosalakwa, thukuta lili kamukamu, osadziwa kuti pa Linux kufufuta fayilo kumangochotsa dzina lake, ndipo malo ake sabwezedwa mpaka process yomaliza imene yaitsegula itaitseka. Pulogalamu ija inali ikulembabe mu fayilo yopanda dzina. Lamulo la lsof +L1 likanandionetsa zimenezi nthawi yomweyo, ndipo kuyambitsanso pulogalamuyo kunabweza malo onse. Yesani nokha: tsegulani fayilo yaikulu ndi tail -f pa windo lina, ifufuteni pa linzake, muyerekeze df ndi du. Mchimwene wake wa vutoli ndi kutha kwa ma inode, timalo tolembamo za fayilo iliyonse, pamene df ikuonetsa malo ambiri koma fayilo yatsopano ikukanika. Pangani timafayilo tambirimbiri topanda kanthu pa gawo laling'ono la ext4, kenako muone df -i.

Chachisanu: netiweki, kuyambira pansi kukwera m'mwamba

Vuto la netiweki limafufuzidwa mwa dongosolo, ndipo dongosololo silisintha. Kodi makina ali ndi adiresi? Funsani ip addr. Kodi akudziwa njira yotulukira? Funsani ip route. Kodi dzina likusandulika adiresi yoyenera? Funsani dig. Kodi pulogalamuyo ikumvetseradi pa port, nambala ya khomo lake pa netiweki, imene mukuganiza, ndipo ikumvetsera pa adiresi iti? Apa ss -tlnp ndiyo imayankha, ndipo kawirikawiri mudzapeza kuti pulogalamu ikumvetsera pa 127.0.0.1, kutanthauza kuti ikumva okhawo amene ali m'makina momwemo. Phunziraninso kusiyanitsa mauthenga awiri amene oyamba kumene amawaona ngati amodzi. Uthenga wakuti connection refused umatanthauza kuti mwafika ndipo wina wakuyankhani kuti palibe amene akumvetsera kapena kuti simukuloledwa, pamene kudikira mpaka nthawi itatha kumasonyeza kuti mapaketi anu akutayidwa mwakachetechete panjira. Mukasokonezeka, tcpdump imakuonetsani zimene zikudutsadi pa waya, osati zimene mukukhulupirira kuti zikudutsa.

Ntchito yoyesera ndi iyi. Sandutsani makina amodzi kukhala rauta wa enawo, powapatsa makhadi awiri a netiweki, kuyatsa net.ipv4.ip_forward ndi kulemba malamulo a NAT, olola makina enawo kutulukira pa adiresi ya rautayo, mu nftables, imene inalowa mu kernel mu 2014 kudzalowa m'malo mwa iptables. Pa makina ena ikani seva ya DNS monga BIND kapena Unbound kuti makina anu azidziwana ndi mayina. Kenako dzitsekereni panja mwadala polemba lamulo la firewall, chotchinga cha netiweki, lotseka port 22 ya SSH muli mkati kudzera pa SSH. Mukalawa zimenezi kamodzi, mudzayamba nokha chizolowezi chosiya windo lachiwiri lotsegula, choyendetsa sshd -t musanayambitsenso SSH, ndi chokonzeratu lamulo lodzabweza firewall yakale pakatha mphindi zisanu kudzera mu at kapena systemd-run.

Chachisanu ndi chimodzi: kudziwa chimene chikuchedwetsa makina

Dandaulo lakuti seva ikuchedwa lilibe uthenga wolakwika woti mufufuze, n'chifukwa chake limasiyanitsa msanga odziwa ndi ongoyerekeza. Manambala amene zida zimaonetsa amanamiza munthu wosawamvetsa. Load average, nambala yoonetsa kulemedwa kwa makina, pa Linux siiwerenga ma process ofuna purosesa okha, imawerenganso amene aima kudikira disiki, choncho nambala yaikulu ingathe kutanthauza disiki yodwala pamene purosesa ikungokhala. Lamulo la free limaonetsa RAM yochepa kwambiri pansi pa mawu akuti free, ndipo ambiri amadzidzimuka, chonsecho kernel imabwereka RAM yongokhala kuti isungiremo zimene yawerenga pa disiki ndipo imaibweza ikafunika. Nambala yoyenera kuyang'ana ndi ya available. RAM ikathadi, kernel imasankha process imodzi n'kuipha, ndipo umboni wake umapezeka mu dmesg, osati mu log ya pulogalamu imene yafayo.

Gwiritsani ntchito stress-ng kupanikiza purosesa payokha, kenako RAM payokha, kenako disiki payokha, uku mukuyang'ana vmstat, iostat ndi top, mpaka muthe kuzindikira mtundu wa vuto pongoona manambala. Phunzirani strace, imene imaonetsa zonse zimene pulogalamu ikupempha kwa kernel. Pulogalamu ikangofa osanena kanthu, nthawi zambiri mizere yomaliza ya strace imaonetsa fayilo imene inaifuna n'kuisowa kapena kukanizidwa. Koposa zonse, yang'anani makina anu pamene ali bwino kuti mudziwe maonekedwe awo a tsiku ndi tsiku. Mu Marichi 2024, Andres Freund, mmodzi wa okonza PostgreSQL, anaona kuti kulowa kudzera pa SSH pa makina ake oyesera kukudya purosesa kuposa kale ndipo kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi. Sanazinyalanyaze, ndipo atazitsata anapeza khomo lachinsinsi limene linabisidwa mu xz 5.6.0 ndi 5.6.1, pulogalamu yochepetsa kukula kwa mafayilo, lisanalowe m'mitundu yokhazikika ya Debian ndi Red Hat imene maseva ambiri amadalira. Theka la sekondi limaoneka kwa munthu yekhayo amene akudziwa kuti dzulo silinalipo.

Chachisanu ndi chiwiri: chitetezo chosathawa zovuta

Pali malamulo awiri amene amaulula munthu wothawa kuphunzira: chmod 777, lopatsa aliyense zilolezo zonse pa fayilo, ndi setenforce 0, loletsa SELinux kukana chilichonse. Onse awiri amachotsa vuto pamaso pochotsa chitetezo chenichenicho. SELinux, imene inayambira ku bungwe la NSA la ku United States n'kulowa mu kernel mu 2003, ili ndi mbiri yoti ndi yovuta, koma zambiri zimene imakana zimachokera pa chinthu chimodzi, chomwe ndi chizindikiro cholakwika pa fayilo. Pa makina anu a AlmaLinux kapena Rocky, lembani tsamba la HTML mu foda yanu, mulisamutsire ku /var/www/html ndi mv, kenako mulitsegule. Seva idzakukanizani ndi 403 ngakhale zilolezo zikuoneka bwino. Yang'anani ls -Z, ndipo mudzaona kuti fayiloyo yabwera ndi chizindikiro cha kumene inachokera, chifukwa mv imasunga chizindikiro chakale pamene cp imapanga fayilo yatsopano yotenga cha kumalo kumene yafika. Lamulo la ausearch -m avc likuonetsani kukanako, ndipo restorecon ikonza zonse. Zotsala za gawo lino n'zodziwika ndipo sizifuna mawu ambiri: lowani ndi makiyi a SSH m'malo mwa pasiwedi, letsani root kulowa kuchokera kutali, sinthani malamulo a sudo ndi visudo basi, ndipo pulogalamu iliyonse iziyenda ndi akaunti yakeyake yopanda mphamvu zosafunika.

Chachisanu ndi chitatu: lembani ntchito yanu kuti makina aziichita okha

Mukachita chinthu ndi manja mpaka kuchimvetsa, ndiye nthawi yochilemba yafika, osati isanafike. Yambani ndi Bash, muziyesa zolemba zanu ndi shellcheck, imene imagwira zolakwika zobisika monga dzina la variable losatsekeredwa m'zizindikiro zogwira mawu, limene lingachititse rm kufufuta malo olakwika. Kenako pitani ku Ansible, imene inayamba mu 2012 ndipo imagwira ntchito kudzera pa SSH popanda kuika pulogalamu yapadera pa makina amene mukuwalamulira. Mayeso ake ndi awiri. Oyamba, yendetsani playbook yanu, fayilo ya malangizo a Ansible, kawiri motsatizana, ndipo ulendo wachiwiri uzinena kuti palibe chimene chasintha. Achiwiri, fufutani makina onse, pangani atsopano, muyendetse playbook yokha, muone ngati rauta, DNS ndi seva ya webusaiti zabwerera mmene zinalili. Chilichonse chimene chasowa ndi chinthu chimene munachita ndi manja n'kuiwala kulemba, ndipo ulendo woyamba zimapezeka zambiri zochititsa manyazi.

Ambiri amathamangira Docker, imene inatuluka mu 2013, ndi Kubernetes ya mu 2014, chifukwa ndi mayina amene amamveka kwambiri. Maganizo anga ndi akuti zimenezi zibwere pambuyo. Container, imene zida ziwirizi zimayendetsa, si kompyuta ina ayi, ndi process wamba imene kernel yaitchingira ndi ma namespace kuti isaone anzake, n'kuiikira malire ndi ma cgroup kuti isadye zonse. Yesani lamulo la unshare kupanga namespace ndi manja, muone process ikudziona ngati nambala 1 pamene kunja ili ndi nambala ina. Amene wadutsa m'magawo a m'mbuyomu akaona container ikufa chifukwa chopitirira malire a RAM, kapena ikulephera kupeza dzina pa DNS, amazindikira kuti ndi mavuto akale omwe aja atangovala malaya ena.

Chachisanu ndi chinayi: backup imene simunaibwezepo musaikhulupirire

Zida zosungira kope la zinthu zanu, limene ndi backup, zilipo zambiri, monga rsync, BorgBackup ndi restic, ndipo lamulo lodziwika ndi la 3-2-1, kutanthauza makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, imodzi ili kutali ndi zinazo. Koma phunziro lenileni lili pa kubweza. Ikani database ya PostgreSQL kapena MariaDB, muisunge ndi pg_dump kapena mysqldump m'malo mongokopera mafayilo ake ili chiyendere, popeza kope lotere lingathe kukhala losagwirizana mkati mwake. Kenako fufutani makinawo, muyang'ane wotchi, mubweze zonse pa makina atsopano pogwiritsa ntchito zimene munasunga ndi kabuku kanu basi. Ngati backup ili yokhoma ndi pasiwedi, ndipo pasiwediyo munaisunga pa makina amene mwafufutawo, mwaphunzira chinthu chachikulu popanda kulipira mtengo wake weniweni.

Chakhumi: dziyeseni ndi vuto limene simunalipange nokha

Mayeso a satifiketi angathandize kuika dongosolo pa kuphunzira kwanu, makamaka amene amayesa ndi manja. RHCSA ya Red Hat ndi LFCS ya Linux Foundation zimakupatsani makina enieni ndi ntchito zoti mugwire nthawi isanathe, pamene LPIC ya Linux Professional Institute imayesa ndi mafunso olemba ndi osankha. Ngakhale simukufuna kulemba mayeso, mndandanda wa zimene amafunsa umaonetsa mabowo amene muli nawo. Amene ali ndi nthawi angayesenso Linux From Scratch, ntchito imene Gerard Beekmans anaiyamba mu 1999, yomanga dongosolo lonse kuchokera ku source code chidutswa ndi chidutswa. Simudzayendetsa seva ya ntchito motero, koma mudzadziwa chifukwa chimene fayilo iliyonse ya mu /usr/lib ilili pamenepo.

Kufooka kwa kuwononga nokha n'kwakuti mumadziwiratu yankho. Choncho pezani mnzanu amene akuphunzira zomwezi, mupatseni mphamvu za root pa makina anu amodzi kwa mphindi khumi inu mutachokapo, awononge zinthu zitatu, afufute mbiri ya malamulo ake, kenako akuuzeni chizindikiro chokha monga mmene wogwiritsa ntchito wamba angachinenere, mwachitsanzo kuti webusaiti siikutseguka. Mwina wasintha adiresi mu /etc/resolv.conf, mwina wachotsa chilolezo choyendetsera pa foda ina ya pakati, mwina waika chattr +i pa fayilo kotero kuti ngakhale root ikulephera kuisintha. Musabwerere ku snapshot, ndipo musamufunse kanthu. Musanakhudze chilichonse lembani zimene mukuganiza ndi lamulo limene lingatsimikize kapena kutsutsa ganizolo, musinthe chinthu chimodzi pa nthawi, ndipo mukapeza zonse zitatu muyerekeze zolemba zanu ndi zimene iye anachitadi. Sabata yotsatira musinthane, makina ake akhale m'manja mwanu.